Kusiyanitsa ma resistor a mu series ndi a mu parallel: pamene ambiri amasokonezekera ndi mmene mungakonzere

Vuto limene limabwerezabwereza pakati pa ophunzira a Physics amene akukonzekera mayeso a MSCE kuno ku Salima, komanso pakati pa achinyamata amene angoyamba kumene ntchito yokonza mawailesi, matochi ndi nyali za sola, nthawi zambiri silikhala la masamu ayi. Ambiri amaloweza bwinobwino kuti ma resistor, tizipangizo tochepetsa kuyenda kwa magetsi, akakhala mu series timangophatikiza ma ohm awo (muyeso wa mmene amatchingira magetsi), ndipo akakhala mu parallel timagwiritsa ntchito lamulo lina lotembenuza manambala (kugawa 1 ndi ma ohm a iliyonse, kuphatikiza, kenaka kutembenuza yankho), koma akapatsidwa chojambula chimene sanachionepo, kapena akatsegula kachipangizo kamene mawaya ake apiringizana, amasankha lamulo lolakwika n'kuliwerengera mwaluso mpaka kumapeto. Zizindikiro za vutoli n'zodziwika: yankho la pa pepala limasiyana kutali ndi limene multimeter, chipangizo choyezera magetsi, ikuonetsa, resistor yatsopano imatentha mpaka kununkha, babu limodzi limayaka mofooka pamene linzake likuwala bwino, kapena batire limatha msanga kusiyana ndi mmene munthu amayembekezera.

Gwero la zonsezi ndi chizolowezi choweruza ndi maso. M'mabuku ambiri ma resistor a mu series amajambulidwa pa mzere umodzi motsatizana, pamene a mu parallel amajambulidwa wina pamwamba pa mnzake, ndipo wophunzira akaona zithunzi zoterezi kangapo amayamba kukhulupirira kuti maonekedwewo ndiye tanthauzo lenilenilo. Koma karenti siona chojambula, imangotsata waya. Ma resistor awiri akhoza kugona pa mzere umodzi koma ali mu parallel, ndipo ena awiri akhoza kuima moyandikana, kuyang'ana mbali imodzi, koma ali mu series. Choncho funso loyenera si lakuti ma resistor aikidwa motani pa pepala, koma lakuti mwendo uliwonse walumikizidwa kwa chiyani.

Yambani ndi mfundo za mawaya

Pofuna kuyankha funso limeneli tiyenera kugwirizana kaye pa chimene tikutcha mfundo. Mfundo ndi malo onse amene alumikizidwa ndi waya wokhawokha, popanda resistor, babu, batire kapena swichi yozimitsidwa pakati pake. Waya akhoza kutalika, kukhota kanayi, kuzungulira chojambula chonse ngakhalenso kugawikana nthambi zitatu, koma malinga ngati pakati pake palibe chotchinga, malo onsewo ndi mfundo imodzi ndipo voltage yake ndi imodzi. Apa m'pamene ambiri amaterereka, chifukwa amaganiza kuti kadontho kalikonse kakuda kamene kajambulidwa pa mphambano ya mawaya ndi mfundo yakeyake, pamene timadontho tiwiri tolumikizidwa ndi waya ndi malo amodzi basi.

Resistor iliyonse ili ndi miyendo iwiri, kotero imakhala pakati pa mfundo ziwiri. Ma resistor awiri ali mu parallel ngati miyendo yawo yonse iwiri yathera pa mfundo zofanana, kutanthauza kuti woyamba ali pakati pa A ndi B ndipo wachiwirinso ali pakati pa A ndi B yemweyo. Ali mu series ngati agwirana pa mfundo imodzi yokha, ndipo pa mfundo imeneyo palibenso china chilichonse cholumikizidwa chimene karenti ingadutsemo. Gawo lachiwiri la lamuloli ndi limene limaiwalika kawirikawiri, ndipo ndikuona kuti ndilo lofunika koposa mu nkhani yonseyi. Kungogwirana mwendo sikukwanira. Pakangolowa waya wachitatu pa mfundo yapakatiyo, karenti yapeza njira ina, ndipo imene yadutsa mu resistor yoyamba siikhalanso yonse imene ikudutsa mu yachiwiri.

Amene anafikapo ku minda ya mpunga yothirira ku Lifuwu angamvetse msanga. Madzi akamayenda mu ngalande imodzi n'kudutsa pa zipata ziwiri motsatizana, dontho lililonse lodutsa pa chipata choyamba liyenera kudutsanso pa chachiwiri, ndipo mukatseka chimodzi madzi onse amaima. Koma ngalande ikagawikana pawiri n'kudzakumananso kutsogolo, madzi amagawana njira, ochuluka amapita kotakasuka, ndipo mukatseka nthambi imodzi inayo imapitiriza kuyenda. Mlimi akapatutsa kangalande kakang'ono pakati pa zipata ziwiri zija, madzi ofika pa chipata chachiwiri sakhalanso ofanana ndi odutsa pa choyamba. Zimenezi n'zimene Gustav Kirchhoff anazilemba ngati lamulo m'chaka cha 1845, kuti karenti yonse yolowa pa mfundo imafanana ndi yonse yotulukapo.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi yosavuta koma imafuna kudekha. Tengani pensulo, muyambire ku mbali ya + ya batire, mulembe chilembo A, ndipo mutsate waya ameneyo kulikonse kumene wapita mukulemba A pa mwendo uliwonse umene wawukhudza. Mukafika pa resistor imani, musaidumphe. Tsidya lina la resistor imeneyo lipatseni chilembo chatsopano, B, n'kutsatanso waya wake mpaka atathera. Pitirizani chomwecho kufikira mwendo uliwonse utapeza chilembo chake. Amene ali ndi zolembera za mitundu yosiyana akhoza kudetsa mfundo iliyonse ndi mtundu wake, ndipo zimaoneka bwino kwambiri. Mukatero lembani pambali dzina la resistor iliyonse ndi zilembo zake ziwiri, kenaka mujambulenso circuit yonse mwatsopano potsata zilembozo, osayang'ananso chojambula choyamba chija. Ophunzira ambiri amakana kujambulanso poganiza kuti n'kutaya nthawi m'chipinda cha mayeso, koma mphindi imodzi imeneyo ndi imene imapulumutsa funso lonse.

Zojambula zimene zimanamiza

Tiyeni tione chitsanzo chofanana ndi zimene zimakonda kufunsidwa. Batire la 12 V lalumikizidwa ku resistor ya ma ohm 100, ndipo kutsogolo kwake pa mzere womwewo kuli ina ya ma ohm 300. Yachitatu, ya ma ohm 600, yajambulidwa pansi, mwendo wake umodzi wachokera pakati pa ziwiri zoyambazo ndipo wina wakathera ku mbali ya − ya batire, kumene kwatheranso ya 300 ija. Wophunzira wofulumira amaona 100 ndi 300 zili pa mzere umodzi, amaphatikiza n'kupeza 400, kenaka amaika 400 ameneyo mu parallel ndi 600 n'kupeza 240. Masamu ake alibe cholakwika chilichonse, koma yankho ndi labodza. Tikalemba zilembo tipeza kuti ya 100 ili pakati pa A ndi B, ya 300 ili pakati pa B ndi C, ndipo ya 600 ilinso pakati pa B ndi C. Pa mfundo B pakumana miyendo itatu, choncho 100 ndi 300 sizili mu series. Zimene zili pamodzi ndi 300 ndi 600, ndipo zili mu parallel: tichulukitsa 300 ndi 600 n'kupeza 180,000, tigawa ndi chiphatikizo chawo chimene ndi 900, yankho ndi 200. Tsopano pa B patsala miyendo iwiri yokha, wa 100 ndi wa 200 watsopanoyo, ndiye tikhoza kuphatikiza n'kupeza ma ohm 300. Mwa lamulo la Georg Ohm, limene analisindikiza mu 1827, karenti yochoka ku batire ndi voltage kugawa ndi ma ohm, ndiye 12 kugawa ndi 300, imene ndi 0.04 A kapena kuti 40 mA. Resistor ya 100 itenga 4 V, ndipo 8 V yotsalayo ikhala pa ziwiri zinazo mofanana, ya 300 n'kudutsamo pafupifupi 26.7 mA pamene ya 600 idutsamo 13.3 mA. Mukaphatikiza ziwirizi mubwerera ku 40 mA, ndipo umenewo ndi umboni wakuti mwayenda bwino.

Taonani kuti series ija inaonekera pambuyo pochepetsa parallel. M'ma circuit osakanikirana zinthu zimayenda chomwecho nthawi zonse: pezani gulu limodzi limene mukulitsimikizira, lisandutseni resistor imodzi, mujambulenso, ndipo mufunsenso funso lomwelo. Musayese kuona zonse kamodzin'kamodzi.

Pali chojambula china chimene chimagwetsa ngakhale ophunzira anzeru. Ma resistor atatu a ma ohm 300 iliyonse agona pa mzere umodzi, ndipo aliyense amathamangira kunena kuti ndi 900. Koma pamwamba pajambulidwa waya wochoka kumayambiriro kwa yoyamba kukafika pakati pa yachiwiri ndi yachitatu, ndipo pansi pali waya wina wochoka pakati pa yoyamba ndi yachiwiri kukafika kumapeto kwa yachitatu. Lembani zilembo muone. Kumayambiriro ndi A, ndipo chifukwa cha waya wapamwamba uja, pakati pa yachiwiri ndi yachitatu ndi A yemweyo. Pakati pa yoyamba ndi yachiwiri ndi B, ndipo kumapeto ndi B yemweyo. Mu circuit yonse muli mfundo ziwiri zokha, ndipo resistor iliyonse ili pakati pa A ndi B. Onse atatu ali mu parallel, yankho ndi ma ohm 100. Kusiyana kwa 900 ndi 100 si kwamasewera, chifukwa karenti yeniyeni ikhala yochuluka kasanu ndi kanayi kuposa imene munawerengera.

Nthawi zina mukalemba zilembo mupeza resistor imene miyendo yake yonse iwiri ili ndi chilembo chimodzi, A uku ndi A uko. Resistor yotereyi yalambalalidwa ndi waya, palibe voltage pakati pa miyendo yake, ndipo karenti siidutsamo. Ifufuteni pa chojambula, musaiwerengere. Chimodzimodzinso resistor imene mwendo wake umodzi uli lende, wosalumikizidwa kulikonse, ilibe ntchito. Swichi nayonso imasintha nkhani: ikayatsidwa ndi waya wamba ndipo mbali zake ziwiri zimakhala mfundo imodzi, ikazimitsidwa njira yaduka. N'chifukwa chake funso limodzi likhoza kukhala ndi mayankho awiri, lina swichi isanayatsidwe ndi lina itayatsidwa, ndipo zilembo ziyenera kulembedwa kawiri.

M'pofunikanso kudziwa pamene batire kapena multimeter yalowera. Ma resistor atatu a ma ohm 300 akalumikizidwa mozungulira, wina kugwira mnzake mpaka kutseka ngodya zitatu, simunganene za series kapena parallel musanadziwe ngodya ziwiri zimene mawaya a batire agwira. Akagwira ngodya ziwiri zilizonse, resistor imene ili pakati pa ngodyazo imakhala njira imodzi, ziwiri zinazo zimakhala mu series n'kupanga 600, ndipo njira ziwirizi zili mu parallel, yankho n'kukhala 200.

Ndiye pali ma circuit ena amene mungalembe zilembo bwinobwino koma osapeza gulu lililonse la series kapena parallel. Musaganize kuti mwalakwitsa. Chitsanzo chodziwika ndi mlatho wa Wheatstone, umene uli ndi ma resistor asanu, anayi m'mbali ndi imodzi yodutsa pakati. Pa mfundo zonse ziwiri zapakati pamakumana miyendo itatu, ndipo palibe ma resistor awiri okhala ndi zilembo zofanana mbali zonse. Ngati mbali ziwiri za mlathowo zagawa voltage mofanana, mu resistor yapakatiyo simudutsa karenti ndipo mukhoza kuichotsa n'kuwerengera zotsalazo mwa nthawi zonse. Zikapanda kutero pamafunika malamulo onse awiri a Kirchhoff, la karenti lija ndi linzake la voltage, ndipo kukakamiza lamulo la series kapena la parallel pamenepa kumangobala yankho lolakwika.

Musanavomereze yankho lililonse, liyeseni ndi malire awiri awa. Ma resistor a mu series akaphatikizidwa amaposa resistor yaikulu koposa pa gululo, pamene a mu parallel amachepera resistor yaing'ono koposa. Ngati mwaika 100 ndi 220 mu parallel n'kupeza nambala yoposa 100, pena pake palakwika. Ndipo mukapeza nambala yaing'ono modabwitsa, monga 0.0145, ndiye kuti mwaphatikiza 1/100 ndi 1/220 koma mwaiwala kutembenuza yankho komaliza, pakuti 1 kugawa ndi 0.0145 ndi pafupifupi 69. Chenjezo lina ndi lakuti njira yachidule ija yochulukitsa n'kugawa ndi chiphatikizo imagwira pa ma resistor awiri okha. Akakhala atatu, tengani awiri kaye, kenaka yankho lake ndi wachitatuyo.

Zikafika pa tebulo logwirira ntchito

Pa pepala mawaya amaoneka, koma pa breadboard, kabolodi ka timabowo koyeserapo ma circuit, amabisika pansi pa pulasitiki, ndipo zolakwika zambiri zimachokera pamenepo. Timabowo tisanu ta pa mzere umodzi, mbali imodzi ya mpata wapakati, timakhala tolumikizidwa mkati ndi kachitsulo, choncho tonse tisanu ndi mfundo imodzi. Mpata wapakatiwo umalekanitsa mbali ziwiri, ndipo mizere italiitali ya m'mphepete ndi ya magetsi ochokera ku batire, ngakhale kuti pa ma breadboard ena mizere imeneyi imaduka pakati. Mukabaya miyendo yonse iwiri ya resistor mu timabowo ta mzere umodzi, mwailambalala nokha. Mukafuna series, mwendo wachiwiri wa resistor yoyamba ndi mwendo woyamba wa yachiwiri zikumane pa mzere umodzi, miyendo inayo ipite mizere yosiyana, ndipo pa mzere wokumaniranawo pasalowenso china. Mukafuna parallel, ma resistor onse ayambire mzere umodzi n'kuthera mzere wina umodzi.

Kulakwitsa kumeneku kuli ndi mtengo wake. Tengani ma resistor a 100 ndi 220, ang'onoang'ono aja amene amapirira kotala ya watt, ndi batire la 9 V. Mu series apanga 320, karenti ikhala pafupifupi 28 mA, ya 100 itenga 2.8 V ndipo ya 220 itenga 6.2 V, ndipo onse awiri agwira ntchito osapsa chifukwa ngakhale yotentherapoyo ikutulutsa 0.17 W chabe. Muwaike mu parallel mosazindikira, aliyense alandira 9 V yonse. Ya 100 idutsamo 90 mA n'kutulutsa 0.81 W, kuposa katatu mphamvu imene inapangidwira, ndipo posakhalitsa muona utoto wake ukuderako, mizere ya mitundu ija ikufufutika, ndi kafungo ka chinthu chopserera. Ya 220 nayonso ipyola malire ake ndi 0.37 W. Choncho resistor ikatentha msanga mu circuit imene munawerengera kuti ikhala yozizira, zimitsani kaye ndipo mufufuze ngati siyagwira mbali zonse ziwiri za batire mwachindunji. Palinso chizindikiro chothandiza: mu series imatentha kwambiri ndi resistor ya ma ohm ochuluka, pamene mu parallel imatentha kwambiri ndi ya ma ohm ochepa.

Multimeter ndi mboni yabwino koma iyenera kufunsidwa moyenera. Poyeza ma ohm, chotsani batire kaye, ndipo ngati n'chipangizo chokhala ndi ma capacitor akuluakulu monga inverter kapena wailesi yakanema, dziwani kuti amasunga magetsi ngakhale mutazimitsa. Kuyeza resistor ili pa bolodi kawirikawiri kumapereka nambala yochepa kusiyana ndi imene mitundu yake ikunena, ndipo ambiri amaizula n'kuitaya poganiza kuti yafa, chonsecho multimeter ikuyeza resistor imeneyo pamodzi ndi njira zina zonse zimene zili mu parallel ndi iyo. Sungunulani mwendo umodzi, muutukule m'mwamba, ndiye muyeze. Nambala ikakhala yaikulu kwambiri kuposa yoyenera pamene resistor idakali pa bolodi, pamenepo m'pomwe muyenera kuikayikira, chifukwa njira za parallel zimangotsitsa nambala, sizikweza. Musagwirenso nsonga zonse ziwiri za mawaya a multimeter ndi zala poyeza ma resistor a ma ohm ochuluka, pakuti thupi lanu limakhala resistor ina mu parallel, makamaka ndi thukuta la kuno kunyanja m'miyezi ya October ndi November. Kumbukiraninso kuti mzere wagolide kumapeto kwa resistor umatanthauza kuti ikhoza kusiyana ndi 5 pa 100 aliyense, kotero series ya 320 ija ikaonetsa nambala iliyonse kuyambira 304 mpaka 336 palibe chodandaulitsa.

Njira yodalirika koposa yotsimikizira ndi kuyeza ngati malo awiri ndi mfundo imodzi, pogwiritsa ntchito mbali ya multimeter imene imalira nsonga zake zikakhudzana. Magetsi atachotsedwa, gwirani mwendo wa resistor yoyamba ndi mwendo wa yachiwiri. Ikalira mbali zonse ziwiri, ali mu parallel. Ikalira mbali imodzi yokha, fufuzani ngati pa mfundo imeneyo pali njira yachitatu, kutsogolo ngakhalenso kuseri kwa bolodi. Samalani ndi ma resistor a ma ohm ochepa kwambiri, poti multimeter imalira ngakhale pakati pali ma ohm angapo, ndiye ndi bwino kuyang'ananso nambala imene ikuoneka m'malo modalira kulirako kokha.

Ena amati mukapeza voltage yofanana pa ma resistor awiri ndiye kuti ali mu parallel. Zimenezi si zoona nthawi zonse. N'zoona kuti a mu parallel amakhala ndi voltage yofanana, koma ma resistor awiri ofanana a mu series nawonso amagawana voltage pakati mpakati, aliyense 6 V pa batire la 12 V. Chosiyanitsa n'chakuti mu series timagawo timeneti tikaphatikizidwa timakwanitsa voltage ya gulu lonse, pamene mu parallel aliyense ali ndi voltage ya gulu lonselo. Momwemonso karenti yofanana si umboni wa series, chifukwa ma resistor ofanana a mu parallel amagawana karenti mofanana. Ndipo poyeza karentiyo, multimeter iyenera kulowa mu series, kutanthauza kudula njira n'kuiika pakati. Mukaigwiritsa mbali ziwiri za batire kapena za resistor ngati mukuyeza voltage, ili pa ma ampere, imasanduka waya wolambalala ndipo fyuzi yake imapsa nthawi yomweyo. Pa batire la galimoto kapena la sola kulakwitsa kumeneku kukhoza kusungunula mawaya ndi kuotcha manja.

Kumene kulibe multimeter, kuchotsa chinthu chimodzi kumathandiza. Mababu akakhala mu series, mukazula limodzi onse amazima, pamene mu parallel otsalawo amayakabe. M'nyumba zolumikizidwa ku magetsi a ESCOM mababu ndi masoketi amakhala mu parallel kuti chilichonse chilandire 230 V, pamene swichi imakhala mu series ndi babu limene ikulamulira, ndipo fyuzi kapena breaker imakhala mu series ndi nthambi yonse. Ndatchula za m'nyumba pofuna kumveketsa chabe. Zoyesera zonse za m'nkhani ino zichitike pa mabatire ang'onoang'ono, chifukwa 230 V imapha, ndipo ntchito ya mawaya a m'nyumba ndi ya munthu wovomerezeka.

Kuyesa kotereku kumaonetsanso kuti zipangizo zambiri n'zosakanikirana. Pa malamba a ma LED a 12 V amene amagulitsidwa m'misika, kawirikawiri ma LED atatu ndi resistor yawo amakhala mu series, ndipo timagulu timeneti timakhala mu parallel motsatira lamba lonse. N'chifukwa chake pamazima atatuatatu ena onse akuyaka, ndipo n'chifukwa chakenso lambalo limadulidwa pa zizindikiro zake zokha. Ngakhale pa malo opangira magetsi a dzuwa a 60 MW ku Nanjoka, amene anatsegulidwa mu 2021, dongosolo lake ndi lomweli pa mlingo waukulu: mapanelo amalumikizidwa mu series kuti voltage ikwere, ndipo mizere yawo imakumana mu parallel kuti karenti ichuluke.

Amene amakonza mawaya a njinga zamoto ndi magalimoto amakumana ndi chizindikiro china chodabwitsa. Babu la 21 W ndi la 5 W, onse a 12 V, akakhala mu parallel lowala kwambiri ndi la 21 W monga mwa chiyembekezo. Akapezeka mu series zimatembenuka: la 5 W limayaka ndithu pamene la 21 W limangofiira pang'ono kapena osaoneka n'komwe, chifukwa laling'onolo ndilo lili ndi ma ohm ochuluka ndipo limatenga gawo lalikulu la voltage. Pa galimoto zimenezi zimachitika waya wa earth, wobweza karenti kudzera mu chitsulo cha galimoto, akaduka kapena kuchita dzimbiri, karenti n'kuyamba kubwerera kudzera mu babu lina. Mukaona nyali za kumbuyo zikuthwanima pamodzi ndi indicator, yambani kufufuza earth musanagule mababu atsopano.

Series imene imasweka mukalumikiza katundu

Vuto ili ndimalimva kawirikawiri kwa achinyamata amene akufuna kutsitsa 12 V ya batire la sola kuti atchajire foni. Amaika ma resistor awiri mu series, mwachitsanzo a ma ohm 10,000 iliyonse, amayeza pakati n'kupeza 6 V, ndipo amasangalala. Akalumikiza chipangizo voltage ija imagwa. Chachitika n'chakuti chipangizocho ndi mwendo wachitatu pa mfundo yapakati, ndipo chakhala mu parallel ndi resistor yapansi. Chikakhala cha ma ohm 10,000, mbali yapansi imasanduka 5,000 ndipo voltage imatsika kufika 4 V. Foni imafuna karenti yochuluka kwambiri kuposa pamenepa, moti voltage imatsala pang'ono kutheratu. Kuchepetsa ma ohm kuti zilimbe kumangochititsa ma resistor kutentha ndi kudya batire pachabe. Chofunika apa ndi tchaja ya pa galimoto kapena regulator yotulutsa 5 V, chifukwa ma resistor ogawa voltage ndi oyenera pokhapokha chimene chalumikizidwa pakatipo chikutenga karenti yochepetsetsa.

Pomaliza pali ma resistor amene sanajambulidwe paliponse koma alipo. Mukatsimikiza kuti zilembo zanu n'zolondola, masamu ali bwino, koma zoyeza zikukanabe, fufuzani polumikizira. Waya wongopotokola ndi manja n'kumumanga ndi pepala la pulasitiki, monga zimaonekera pa nyali za batire zimene asodzi a usipa amapita nazo panyanja ku Senga Bay, amachita dzimbiri lobiriwira msanga chifukwa cha chinyezi, ndipo dzimbiri limenelo ndi resistor yolowa mu series ndi nyali zonse. Likangofika ma ohm 2 pa waya wonyamula 2 A, ladya kale 4 V pa 12 V ya batire, nyali zimafooka, polumikizirapo pamafunda, ndipo mwini wake amaganiza kuti batire latha ntchito. Poyeza, siyani nyali zikuyaka, muike multimeter pa voltage, nsonga imodzi mbali iyi ya polumikizira ndi ina mbali inayo. Pamalo abwino muwerenga pafupifupi 0 V chifukwa mbali zonse ndi mfundo imodzi. Mukawerenga theka la volt kapena kuposa, dulani waya pamenepo, mupale mpaka mkuwa uwale, mulumikize ndi solder ndipo mutseke bwino kuti madzi asalowe. Njira yobisika ya parallel imachokera ku kadontho ka solder kamene kagwira tinjira tiwiri ta pa bolodi, ku kaulusi kamodzi ka waya kotuluka pambali, kapena ku chinyezi ndi fumbi, ndipo chizindikiro chake ndi ma ohm ochepera amene munawerengera komanso batire lotha ngakhale swichi ili yozimitsidwa. Yang'anani kuseri kwa bolodi pa dzuwa, mulitsuke ndi kaburashi ndi spirit, muliumitse, kenaka muyezenso ma ohm a circuit yonse musanabwezeretse batire.